Telala Amene Ankatiwerengera za Kuthengo

Ndalemba izi chifukwa cha inu ana anga ndi ana anu, osati anthu apamsewu. Mukatha kuwerenga mubwezere m'sutikesi momwe mwazipeza. Wina akadzafunsa kuti agogo analemba chiyani, mudzati nyimbo za kutchalitchi. Ndikudziwa kuti mumandinena kumbali, kuti ngakhale wogulitsa tomato ndimamuyang'ana ngati watumidwa. Sindikutsutsa. Koma sindinabadwe chonchi, ndipo ndi bwino mudziwe pamene zinayambira. Za ubwana wanga sindilemba, munazimva kale kwa azakhali anu ndipo anathiramo mchere wawo. Ndiyambira pa ntchito.

Malindi, chaka chimene ndinayamba ntchito

Ntchito yanga yoyamba inali yosunga mabuku pasukulu ya mishoni kwathu ku Malindi. Kanali kachipinda kamodzi kuseri kwa kalasi, makabati awiri, ndi zenera loyang'ana kuphiri. Bwana wanga anali mayi wachizungu wokalamba amene tonse tinkangowatchula kuti Dona. Sanandiphunzitse zambiri: kumata tsamba long'ambika, kusoka msana wa buku, ndi kununkhiza. "Buku likayamba kununkha ngati nkhokwe yodontha, ulitulutse padzuwa lisanapatsire anzake," ankatero m'Chinyanja chawo cha m'buku la mapemphero. Mabuku ambiri anali a masamu ndi a tchalitchi. Koma pashelefu yapansi, pamene ana sankayang'anapo chifukwa pankafunika kugwada, panali mabuku osiyidwa ndi azungu amene anamwalira pamishoni kapena kubwerera kwawo. Onse anali a maulendo ndi a kuthengo. Lina linali la anthu owoloka chipululu ndi ngamila, akumwa madzi onunkha a m'zikopa. Lina la mayi amene anakhala yekha m'nkhalango kuphunzira khalidwe la njovu. Lina la amuna okwera phiri lozizira mpaka zala kuthothoka. Lina la munthu wotsika mtsinje waukulu pabwato, osadziwa ngati kutsogolo kuli mathithi kapena ayi.

Ndinayamba kuwawerenga chifukwa masana kunkasowa chochita. Ine mwana wa msodzi, amene ulendo wanga wautali unali wa kwa Mponda kukagula nsalu, ndinayenda dziko lonse nditakhala pampando wopanda chotsamira. Pang'onopang'ono ndinaphunzira kusankha, ndipo mwa zonse zimene ndikusiyirani, ichi chokha ndi chimene ndingati ndimachidziwa. Buku labwino la kuthengo ndi limene wolemba wake amavomera kuti anachita mantha, kuti anasochera, kuti tsiku lina analira. Amatchulanso mayina a anthu amene anamunyamulira katundu ndi kumuonetsa njira. Amene amangoti "anyamata anga" kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ngati katundu ankayenda yekha, ndinkawakankhira kumbuyo kwa anzawo. Amene amapha nyama pa tsamba lililonse n'kujambulitsa ataponda mutu wake, amenewo ndinkawasiyira chiswe.

Ndinakwatiwa ndi bambo anu ndili pantchito yomweyo, ndinabereka inu atatu, ndipo chifuwa chinawatenga iwe Petulo usanayambe kuyenda. Chaka chomwecho Dona anapuma pantchito. Akulongedza katundu anandiitana nandilozera shelefu yapansi ija. "Awa si a sukulu, ndipo wobwera pambuyo panga adzakolezera moto. Tenga." Ndinawaika m'bokosi lachitsulo la bambo anu. Dona omwewo ndi amene anandilankhulira kuti ndipeze malo kunyumba yowerengeramo mabuku ya pa boma, ku Mangochi, kumene kunali malipiro a pamwezi ndi kanyumba ka zipinda ziwiri.

Pa boma, m'zaka za m'ma 1970

Bwana wanga watsopano anali a Kamwendo, munthu wofatsa, wamantha ngati nkhuku yogulidwa dzulo. M'mawa uliwonse ankayamba ndi kupukuta chithunzi chachikulu cha pakhoma, chimene nonse mukuchidziwa, kenaka kundifunsa ngati khadi la chipani lili m'chikwama. Lamulo linali lakuti buku lililonse likhale ndi chidindo chosonyeza kuti akumtunda aliona ndi kulilola. Nthawi ndi nthawi kunkabwera mawu akuti buku lakutilakuti lichotsedwe, popanda kunena chifukwa, ndipo a Kamwendo ankalitulutsa atalikulunga m'nyuzipepala ngati nsomba yowola. Atsopano sankabwera. Mashelefu anayamba kuoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Tsiku lina akudandaula kuti alendo akadzabwera tidzachita manyazi, ndinawauza za bokosi langa.

"Ali ndi chidindo?"

"Alibe, bwana. Koma ndi a mapiri ndi njovu. Mulibe ndale."

Anakanda m'mutu. "Ikani pansi penipeni. Ndipo ine sindinawaone, mayi. Mwamva? Ine ndimadwala msana, sindiwerama."

Chilichonse chinkasowa. Guluu anatha chaka choyamba, ndiye ndinkaphika phala la ufa wa chinangwa lomatira, mphemvu n'kumabwera kuphwando. Ulusi ndinkapempha kwa asodzi, womwe amakonzera maukonde. Masiku ena tinkatseka chifukwa amayi tonse tinkaitanidwa kubwalo kukaphunzira magule a chipani. Mabuku anga aja misana inali itatheratu, ndipo singano yanga sinkaboola. Ndiye ndinawoloka msewu kupita pakhonde la sitolo pamene pankasokera telala.

Dzina lawo linali Che Bwanali, Myao, Msilamu wa kwa Mponda. Mwendo wawo wamanzere unafota ali mwana, ndipo ankayenda ndi ndodo ya m'khwapa. Makina ankapalasa ndi mwendo umodzi. Popeza sakanatha kukoka khoka kapena kulima, makolo anawasiya pasukulu zaka zambiri kuposa anzawo, ndipo Chingerezi anachigwira bwino. Ankanditchula Abiti Yohane, mwa Chiyao, kutengera dzina la bambo anga.

"Abiti Yohane, odwala anuwa ndiwasokere buluku kapena mkanjo?"

"Chilichonse, bola asafe."

"Akhristu ndi Asilamu ndimawasoka mofanana. Siyani pamenepo."

Buku loyamba linachedwa kubwerako. Nditapita kukalondola ndinapeza makina ali zii, iwo mutu uli m'buku, mwini malaya ataima pambali akung'ung'udza. Anadzutsa mutu. "Munthu wa pabwatoyu ndi chitsiru, koma musandiuze ngati anafa." Kuyambira pamenepo msana uliwonse ankausoka ndi tizidutswa totsala pa nsalu za anthu, moti shelefu yapansi yonse inavala zitenje. Malipiro awo anali kuwerenga. Pobweza buku tinkakangana. Iwo ankakonda ngakhale a alenje odzitama aja, ati munthu wabodza amakometsa ulendo. Tsiku lina ndinawafunsa kuti bwanji satopa ndi nkhani za anthu oyenda.

"Inu mumawerenga kuti mupumeko ana," anatero akulowetsa ulusi m'singano. "Ine ndimawerenga kuti mwendo uwu uchite manyazi. Dzulo ndakwera phiri, iwo utagona pamkeka."

Anthu odikira zovala anayamba kufunsa kuti m'mabukumo muli chiyani, Che Bwanali n'kumawamasulira. Khonde linachepa, mwini sitolo anadandaula, ndiye Loweruka masana tikatseka anasamukira pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba yathu yowerengera. Kunkabwera asodzi, ogulitsa usipa, a Jafali okonza njinga, mphunzitsi wina wa pulayimale, ndi mkulu wina wa mpingo wathu. Ine ndinkatulutsa mpando n'kukhala chapambali.

Tsono mvetsani kawerengedwe kawo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Anthu aja sankadziwa chipale chofewa cha kumayiko ozizira, sankadziwa mayina a mapiri akutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo ukawatchulira ankayamba kuyasamula. Che Bwanali ankawerenga tsamba chamumtima, n'kutseka buku chala chili mkati, kenaka n'kuisamutsira nkhaniyo kuno. Mtsinje uliwonse unkakhala Shire. Namondwe aliyense ankakhala mwera. Chipale chinkasanduka matope a kudambo ofika m'chiuno. Mzinda umene alendo anyamukira unkakhala Mponda. Umo ndi mmene anthu akuno timafotokozera chinthu chachilendo. Ngakhale shehe kapena wansembe polalikira amati mtunda wake unali ngati kuchoka pano kukafika ku Malindi. Ndipo anthu ankalowa m'nkhani ngati yawo.

"Bodza limenelo," msodzi wina wokalamba ankadula pakati. "Mwera utayamba, munthu wanzeru sadutsa pamenepo. Akanakocheza."

"Mzunguyo sanakufunseni, Che."

"N'chifukwa chake wamira."

"Sanamire, khalani chete. A Jafali, mkuluyu mugwireni pakamwa."

"Ndimugwira ndi chiyani, manja ali girisi yekhayekha. Pitirizani, mwalimu, dzuwa likupita."

Umwalimuwo, ndiye kuti uphunzitsi, anawapatsa Che Bwanali mwanthabwala. A Kamwendo anandichenjezapo kamodzi, akuyang'ana pansi, kuti anthu akamasonkhana sabata ndi sabata ena amayamba kufunsa kuti akukambirana chiyani. Ndinawayankha kuti ndi nthano chabe, ndipo aliyense pamenepo ali ndi khadi. Masiku amenewo ndinkakhulupirira kuti munthu amene waseka naye limodzi ndi mnzako.

Mwezi wa Okutobala, chaka chimene anawatenga

Buku limene tinali nalo nyengo yotentha imeneyo linali la abwenzi atatu amene anayenda pansi ndi bulu mmodzi kudutsa mapiri aatali, kuchoka m'dziko lina kulowa m'dziko lina, pofuna kuona pamene mtsinje wina umayambira. Linali labwino kuposa onse. Wolemba wake sankadzitama. Ankafotokoza mmene ankapezera madzi potsata mbalame, mmene ankakolezera moto m'dzenje kuti mphepo isauzime, mmene ankadziwira njira poyang'ana nyenyezi, ndi mmene anakanganirana chifukwa cha mchere mpaka awiri kusiya kulankhulana. Che Bwanali anawanyamula atatuwo pa Mponda kusanache, nawawolotsa Shire, nawakweza njira ya ku Chowe. Loweruka lotsatira anawagoneka m'phanga la m'mapiri. Loweruka linalo anawatsitsira tsidya lina la malire, bulu akukana kuwoloka kamtsinje, ife tikuseka mpaka misozi.

Muyenera kudziwa kuti dera lathu nthawi imeneyo ankaliyang'ana ndi diso lofiira, ndipo mapiri a kum'mawa ndi malire sankatchulidwa mwachisawawa. Tonse tinkadziwa. Koma pansi pa bwemba paja tinkaiwala, chifukwa atatu aja ankangofuna mtsinje.

Lachiwiri m'mawa ndikusesa pakhomo ndinaona galimoto yopanda zolemba itaima pasitolo. Amuna awiri anawadzutsa Che Bwanali pamakina nawanyamula m'khwapa. Panalibe phokoso. Malaya amene ankasoka anatsala pansi pa singano, ndipo ndodo yawo inatsala itatsamira khoma. Anthu onse mumsewu anapeza mwadzidzidzi choti ayang'ane mbali ina. Inenso ndinapitiriza kusesa.

Tsiku lotsatira akazi awo, Abiti Saidi, anabwera kukhomo lakuseri atafunda nsalu kumutu, ndodo ija ili m'manja. Sitinkadziwana kwenikweni. Anati anapita kukafunsa, ndipo wina wachifundo anawanong'oneza kuti mlandu ndi wophunzitsa anthu njira yothawira kunja, kubisa moto ndi kuyendera nyenyezi. "Amuna anga akuti zonse zili m'buku. Awauza kuti aonetse bukulo. Amayi, ine sindidziwa kuwerenga. Bukulo lili kwa inu?"

Linali kwa ine. A Kamwendo anamva zonse ali kuseri kwa chitseko. Abiti Saidi atachoka, anatulukira.

"Shelefu yapansi yonse, kuseri kwa chimbudzi, lero lomwe. Palafini nayu."

"Bwana, buku limodzi lokha likhoza kuwatulutsa."

"Likhoza kutilowetsa tonse. Lilibe chidindo, mayi. Analibweretsa ndani? Analilola ndani? Inu muli ndi ana opanda bambo. Ine ndili ndi anga ndi a malemu achimwene. Telalayo Mulungu wake amuona."

Ndinawotcha. Ngamila, njovu, phiri lozizira, munthu wa pabwato, onse ndi misana yawo ya zitenje. A Kamwendo anaima patali akuyang'ana kumene utsi ukulowera. Koma la abwenzi atatu ndinali nditaliika kale m'dengu langa, pansi pa masamba a mpiru.

Linakhala m'nyumba masiku angapo, m'thumba la ufa. Ndikayang'ana inu mukudya, ndinkati ndiliwotche. Ndikadutsa pakhonde lija, pomwe malaya anali akadali pansi pa singano chifukwa mwini wake ankaopa kukawatenga, ndinkati ndipite. Ndinalibe womufunsa. Mlongo wanga akanati ndapenga, wansembe akanati tipemphere. Chimene chinandigamulira n'chakuti bukulo linali langa. Kulitenga ku Malindi ndinali ine, kuliwolotsa msewu ndinali ine. Iwe Mariya ukukumbukira tsiku limene ndinakukwezani lole ya nsomba kupita kwa agogo anu pakati pa teremu, ndi kukuuza kuti ndikapanda kubwera Lamulungu ukayambe sukulu komweko. Unandifunsa chifukwa, ndinakukalipira. Chifukwa chake ndi ichi.

Ofesi ya anthu amene anawatenga Che Bwanali inali kuseri kwa maofesi ena, yopanda chikwangwani. Ndinatenga buku ndi ndodo ija, imene Abiti Saidi anandisiyira. Amene anandilandira anali bambo wa malaya oyera, waulemu, wa Chichewa chosalala cha kumtunda. Anandipatsa mpando. Ndinatsegula buku ndi kumuonetsa zithunzi: mapiri oyera ndi chipale, anthu ovala zikopa, mayina achilendo. Ndinati mapiri amenewa ali kutali, tsidya la nyanja zamchere, ndipo bukuli linalembedwa ine ndisanabadwe. Ndinatinso munthu amene mwamugwirayo sangafike ngakhale pamsika popanda ndodo iyi.

Anatenga nthawi, akutembenuza masamba ndi chala chonyowetsa. Kenaka analitseka bwinobwino.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Ndaona. Chowe mulibe m'bukumu."

"Mulibe, bwana."

"Shire mulibe. Mponda mulibe. Malire athu mulibe."

"Ndi zimene ndikunena, bwana."

"Nanga iye anazitenga kuti?"

"Ankangofanizira kuti anthu amve. Ndi mmene timafotokozera kuno."

"Iye wakhala akutiuza kuti ankangowerenga zolembedwa. Ife tinati mwina n'zoona, mwina mzungu wina analembadi za mapiri athuwa. Tsopano mwatithandiza. Sankawerenga. Njirayo ndi ya m'mutu mwake."

Ndinabwereza za kulumala kwawo.

"Wolondolera njira safunika miyendo, mayi. Pakamwa pakwana." Anatembenuza buku kuyang'ana mkati mwa chikuto. "Chidindo chili kuti?"

Ndinati linali langa, ndipo a Kamwendo sankadziwa. Anandifunsa mayina a anthu a pansi pa bwemba. Ndinati ndi anthu apamsewu, sindiwadziwa. Anamwetulira ngati mphunzitsi amene mwana wamunamiza kabodza kakang'ono.

"Musavutike, tikuwadziwa. Inu mumakhala kumanzere, pampando wa muofesi. Pamene bulu anakana kuwoloka munaseka mpaka kupukuta maso ndi mpango wobiriwira. Pitani kwanu, mayi. Ndodoyo isiyeni pakhomo."

Sindinapite kunyumba. Ndinapita kwa Mponda, ndipo ndinawauza Abiti Saidi zonse monga zinayendera, osachotsapo kanthu, kuti buku limene anandipempha lawaipitsira amuna awo mlandu. Anapitiriza kusankha mpunga m'lichero. Kenaka anati, "Inu mwapita. Ena sanapite." Patapita masiku ndinadutsa dala kuseri kwa maofesi aja. Ndodo ija anali atachirikizira zenera kuti mphepo isalitseke.

Chowe, zaka zotsatira

Sanandimange. Anandisamutsa. A Kamwendo ndi amene anandiuza, maso ali patebulo: kasukulu ka m'mapiri ku Chowe, kusunga mabuku a m'kalasi ndi choko. "Akuti popeza kumapiriko mumakukonda," anatero, ndipo sindikudziwa ngati mawuwo anali awo kapena anangowatuma. Kanyumba ka boma tinachokamo. Za njala ya zaka zimenezo, za denga lodontha ndi kutalika kwa kuchipatala, inu akulu awiri mukukumbukira, sindibwereza. Anthu akumeneko anamva chifukwa chimene ndinabwerera ndisanatsitse katundu. Amayi anzanga kuchitsime ankandipatsa moni wapatali. Amene ankandiyandikira kwambiri ndi amene ndinkamuopa koposa. Ndinaphunzira kuyankha funso ndi funso, kuphika chitseko chili chotseka, ndi kusaonetsa chimene chandiseketsa.

Mkulu wa sukuluyo anali a Ndala, bambo wachikulire wa ndudu yake yopichira yekha. Anandipatsa munda wa kuseri kwa sukulu, ndipo chaka cha njala anatumiza thumba la nandolo kunyumba osanena kanthu. Tsiku lina anabwera pakabati yanga. "Mayi, ndamva kuti mumadziwa nkhani za m'mabuku a kuthengo. Ana angawa sanaonepo buku lina kupatula la masamu. Bwanji Lachisanu muziwafotokozerako?" Ndinawayang'ana ndipo ndinaona malaya oyera aja. Ndinati ndinaiwala zonse. "Ngakhale imodzi?" Ndinati ngakhale imodzi. Anagwedeza mutu n'kupita, ndipo sanabwerezenso. Atamwalira anthu ankati analibe chinyengo munthu uja. Mwina. Nandolo ndinadya, koma zikomo wanga sanatuluke bwino pakamwa.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti tsopano ndinkakhala m'mapiri a Che Bwanali. Popita kunkhuni ndinkafunafuna malo awo. Phanga limene anagonekamo atatu aja kulibe. Kamtsinje ka bulu kulibe, pamene anakaika pali thanthwe louma ndi minda. Njira imene anaifotokoza ikanamufikitsa munthu paphompho. Iwo sanapondeko ku Chowe chibadwire. Ankangomva kwa anthu obwera kudzasoketsa, zotsalazo n'kupeka. Aliyense wobadwira kumeneko akanawauza a malaya oyera aja kuti njirayo kulibe. Palibe anafunsidwa, ndipo ine ndinalibenso khomo loti ndikagogode.

Kwa Mponda, chaka cha sadaka

Panapita zaka. Abiti Saidi sanalire maliro, sanakwatiwenso, makina anawaphimba ndi nsalu osagulitsa. Kenaka munthu wina amene anatulutsidwa anafika pakhomo pawo, wowonda, wolankhula motsitsa, nati anali chipinda chimodzi ndi telala wolumala, ndipo telalayo anamwalira dzinja lina ndi matenda a m'mimba. Kumene anaikidwa sankadziwa. Anatinso mpaka mphamvu zitawathera ankafotokozera anzawo nkhani za ngamila ndi njovu kuti tsiku lifupike, koma sankatchulanso malo. Ankangoti phiri lina, mtsinje wina, mudzi wina.

Abale anakonza sadaka, kupempherera womwalira ndi kudyetsa anthu monga mwa Chisilamu, ngakhale manda panalibe. Uthenga unandipeza ndipo ndinatsika. Onse a pansi pa bwemba analipo. A Jafali, imvi zili mbuu, anandigwira dzanja ndi manja awiri. Mphunzitsi uja, tsopano ali mkulu wa sukulu, anati tataya munthu. Mkulu wa mpingo wathu anabwera ngakhale mwambo sunali wathu, nakhala mwaulemu kumapeto kwa mkeka. Msodzi wokalamba uja analira osabisa. Ine ndinakhala kwa amayi, pamalo pamene ndinkatha kuona amuna, ndipo ndinawayang'ana mmodzimmodzi: amene akudya msanga, amene sakudya, amene akupemphera kwambiri. Ndinkafuna maso amene anakanena za mpango wanga. Nkhope zonse zinali za anthu achisoni.

Abiti Saidi anabwera ndi mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi, nakhala pambali panga.

"Simukudya, amayi."

"Mmodzi mwa awa ndi amene anakanena."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwamuphikira?"

"Ndikanamulumpha bwanji osamudziwa? Ndaphikira onse. Idyani, ku Chowe n'kokwera."

Ndinadya. Mpaka lero sindikudziwa kuti anali ndani, ndipo onse anapita kale.

Pamene ndinkapuma ntchito zinthu zinali zitasintha, mabuku akulowa opanda chidindo. Musawaope chifukwa cha ine. A kuthengo ndi a maulendo ndi abwino, wolumala ndi wamasiye amawayendetsa mofanana ndi wolemera. Mwezi watha, iwe Mariya, mwana wako anabwera ndi lina la kusukulu, la anthu okwera phiri, nandipempha kuti ndimuwerengere pakhonde, anzake atakhala kale pansi kudikira. Ndinayang'ana anawo, ena sindikudziwa ngakhale makolo awo. Ndinamuuza kuti maso anga anatha, ndipo anandikhulupirira. Atapita kokasewera ndinalitenga, ndinalowa kuchipinda, ndinakhoma chitseko, ndinaliwerenga lonse ndekha. Ndi labwino. Wolemba wake anasochera kawiri ndipo sanabise. Umuuze choncho mwanayo, koma usamuuze kuti wanena ndine.